Mlendo Amene Nkhungu Inabweretsa

Matalala anasiya kugwa dzuwa litapendeka, ndipo Asnaku sanadikire kuti asungunuke. Anafunda gabi, nsalu yokhuthala yoyera ija, n'kuyamba kukwera kamtunda ka kuseri kwa khola. M'mudzi wonse wa Kosso Amba foni inkagwira pa thanthwe limodzi lokha, ndipo aliyense wokwera kumeneko ankadziwikiratu kuti ali ndi wodwala kapena ali ndi chibwenzi. Asnaku analibe wodwala.

Balere wa m'minda anali atagona pansi ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Mphepo inkaluma makutu. Atangofika pathanthwepo, foni inalira.

"Asnakuye, muli bwanji kumtundako?" Anali Setegn, mawu akunjenjemera.

"Usafunse za ine. Mwafika pati?"

"Kumunsi kwa mpata wa Dengay. Phiri lagumuka, latsekeratu msewu. Magalimoto angondanda mpaka pamlatho. Akuti makina okankha dothi abwera mvula ikapuma."

"Mvula ya kiremti kupuma? Wanena zimenezoyo ndi wa ku Gondar ngati iwe."

Awiriwa anadziwana ku Gondar komweko, kumene Asnaku ankaphunzira unamwino. Pasaka itapita, Setegn anatuma amalume ake ndi akuluakulu ena awiri kukafunsira mbeta. Bambo a Asnaku, Ato Belayneh, sanakane. Munthu wolemekezeka sakana poyera. Anangouza akuluakuluwo kuti adzabwerenso pa tsiku la Gabrieli Woyera, pakatikati pa kiremti, nyengo ya mvula yaikulu imene ngakhale maliro a m'bale anthu amalira ali kwawo chifukwa njira kulibe. Mudzi wonse unamva zimene mkuluyo ankatanthauza. Tsikulo linali mawa.

"Amalume akuti bondo lawo silingakwere mpatawu," anatero Setegn. "Enawo akungoyang'ana amalume. Ndiye ndibwera ndekha. Ndidzagwada pamaso pa bambo ako, ndipemphe tsiku lina."

"Wapenga? Mwamuna safika pakhomo tsiku lofunsira, ukudziwa. Komanso mpata umenewo umapha abusa obadwira momwemo. Iwe ndi tinsapato tako ta m'tauni?"

"Ukuopa kuti ndifa, kapena ukuopa kuti ndimupeza Gashaw wakoyo atakhala kale pampando wanga?"

Asnaku anamva magazi akuwira. Gashaw anali mnyamata wa m'mudzi momwemo, mwini nyulu zambiri, amene Ato Belayneh ankamufunira mwana wawo kuyambira kalekale. Setegn sanamuonepo, koma dzina lokhalo linkamudwalitsa.

"Ndaima pamphepo pano mapazi achita dzanzi chifukwa cha iwe, ndiye ukundiuza za Gashaw? Khala m'galimotomo, Setegn. Ndikukupempha."

"Ndikakhala, mawa madzulo udzakhala wa munthu wina."

"Tandimvera kaye..."

Foni inaduka. Anayesa kuimbanso, osalowa. Kumpata kuja mitambo yakuda inali itayambanso kuunjikana, mphezi zikung'anima mkati mwake. Kenaka kunalowa kauthenga ka liwu limodzi: "Ndanyamuka."

*

M'nyumba munali utsi, fungo la khofi wokazinga ndi kulira kwa khanda. Khanda limenelo ndilo nkhani imene Asnaku sanamuuzepo Setegn. Mayi a Asnaku atamwalira, Ato Belayneh, munthu wa imvi mutu wonse, anakwatira Tiruye, mtsikana amene Asnaku ankakhala naye benchi imodzi kusukulu. Tsopano panabadwa mwana wamwamuna. Asnaku ankachita manyazi osaneneka. Akanayamba bwanji kufotokozera mnyamata wa m'tauni kuti ali ndi mlongo wa m'manja, wobadwa kwa mnzake wosewera naye? Anangoti adzamuuza bwino lino, ndipo bwino linolo silinafike. Ndi Tiruye yemwe ankangoyankhulana za mchere ndi nkhuni.

Mawa lomwelo linali tsiku la makumi anayi la mwanayo, tsiku lobatiza ana aamuna, ndipo wansembe sasuntha tsiku limeneli chifukwa cha mvula. Koma munthu amene anasankhidwa kukhala bambo wa ubatizo, wamalonda wa kuchigwa, nayenso anali atatsekeredwa kuseri kwa dothi logumuka lija.

Gashaw anali atakhala pafupi ndi moto, miyendo atatambasula ngati nyumbayo wamanga ndi iye. Anali atabweretsa nkhosa ya phwando.

Tiruye anathira khofi m'tizikho, n'kunena mosayang'ana munthu, "Bwanji Gashaw yemweyu osanyamula mwanayu mawa? Ndi munthu wathu, woopa Mulungu, ndipo ali pompano."

Gashaw anaseka mpaka kutsokomola.

"Tiruye, Tiruye! Nzeru zimenezi unkazibisa kuti kusukulu? Ndinyamule mwanayu, ndisanduke m'bale wa nyumba ino, kenaka wansembe andiuze kuti mlongo wake wa mwana wanga wa ubatizo sindingamukwatire mpaka imfa? Ayi, mayi. Ndipatseni ntchito ina. Ngakhale kusenza madzi."

"Taona mkazi uyu," anatero Ato Belayneh mokwiya. "Ukufuna kunditsekera khomo limene ndikutsegula ndekha? Thira khofi. Za bambo wa ubatizo, wansembe wathu Abba Tekle akatipezera munthu kutchalitchi konko."

Asnaku anayang'ana Tiruye, ndipo Tiruye anagwetsa maso. Apa ndi pamene anazindikira kuti mnzake wakaleyo anali atayesa kumuchotsera Gashaw panjira. Mtima unamupweteka pang'ono, koma analibe nthawi ya zimenezo.

"Bambo," anatero atagwada, "akuluakulu aja atsekeredwa kumunsi kwa mpata. Phiri lagumuka. Si kufuna kwawo."

"Kodi phirilo ndagumula ndine?"

"Ayi, Bambo. Koma mukanawapatsa tsiku lina."

"Ndinawapatsa tsiku, analandira, anapsompsona mtanda. Achibale ndaitana, mowa wafululidwa. Mawa ng'ombe zikalowa m'khola iwo asanaime pakhomo panga, ndiye kuti andinyoza pamaso pa anthu. Ndipo pali ena amene sandinyoza." Anapereka kachikho ka khofi kwa Gashaw. "Imwa, mwana wanga."

Denga la malata linayambanso kulira. Matalala anali atabwerera, aakulu kuposa oyamba aja.

*

Gashaw atatuluka kukamasula nyulu yake, Asnaku anamutsatira pansi pa khonde. Ankaona Setegn m'maganizo, ali m'kajekete kake kopyapyala, akufufuza njira pakati pa maphompho.

"Gashaw."

"Ee? Lero dzina langa lakoma?"

"Setegn ali pampata. Wanyamuka wapansi, yekha."

Gashaw anasiya chingwe. "Pa Dengay? Nyengo ino? Bwenzi lakoli lili ndi mutu koma?"

"Sadziwa njira. Nkhungu ikatsika agwera kuphompho, apo ayi auma ndi chisanu. Palibe wina amadziwa mpata uja ngati iwe. Ndikukupempha m'dzina la Maria."

"Ndikatenge munthu amene akudzandilanda mkazi, ndimukweze pa nyulu yanga, ndimubweretse pakhomo pano. Ndiye zimene ukupemphazi?"

"Ndikupempha kuti munthu asafe."

"Nanga ine ndipezapo chiyani?"

"Palibe. Sindikunamiza. Ngakhale umupulumutse, mtima wanga sudzasintha."

Gashaw anamuyang'ana nthawi yaitali, madzi akudontha kuchokera pachipewa chake. Kenaka anayang'ana kukhomo kumene khanda linkalira, ndipo milomo yake inasuntha pang'ono.

"Chabwino. Munthu wa Mulungu sasiyidwa paphiri. Ndikamupeza tikagona m'kanyumba ka abusa, mawa m'mawa tidzatsika. Lowa m'nyumba, ukuzizidwa."

Asnaku anagwetsa misozi yothokoza. Anafika poganiza kuti mwina mnyamatayu anamuweruza molakwa zaka zonsezi. Mantha amapusitsa ngakhale anthu ophunzira.

*

Kutacha, nkhungu inali itakuta mudzi wonse moti munthu sankaona khola ali pakhomo. Ato Belayneh, Tiruye ndi achibale ananyamuka ndi mwana kupita kutchalitchi cha Mikaeli Woyera, kutsidya kwa kamtsinje. Asnaku anatsala ndi azakhali ake kuphika injera ya phwando, mkate wopyapyala wa ufa wa tefu, mbewu yonga mawere. Zitatu zoyambirira anapsereza.

"Iwe, ufa wa tefu sutoledwa pamsewu," anakalipa azakhaliwo. "Pita kuthanthwe kwakoko ukamve zimene ukufuna kumva, ubwere ndi mutu wako."

Sanadikire kuuzidwa kawiri. Pathanthwe paja foni inanjenjemera, mauthenga n'kulowa motsatizana.

Woyamba unati: "Ndili moyo, Asnakuye. Ndinasochera, miyendo inasiya kumva. Munthu wina wa nyulu anandipeza, wandifunditsa gabi yake, wandimwetsa tiyi. Dzina lake Wolde Gabriel. Anthu a kwanu ndi angelo."

Asnaku anakhala pansi pamwala wonyowa, n'kuseka, n'kulira. Wolde Gabriel linali dzina la ubatizo la Gashaw, limene ankaitanidwa nalo ndi wansembe yekha. Anaganiza kuti mwina walitchula pofuna kupewa mkangano paphiri. Anatsegula uthenga wachiwiri.

"Tikutsika. Akuti mudzi wanu ukadali kuseri kwa phiri lina, tiyamba tapuma pa tchalitchi cha panjira."

Anakwinya nkhope. Kuchokera pampata kubwera ku Kosso Amba panalibe phiri lina. Panalibenso tchalitchi china. Anatsegula wachitatu.

"Pa tchalitchipo akuti pali mwana wa anthu osauka amene bambo wake wa ubatizo watsekeredwa ndi dothi lomwe lija. Mnzangayu wandipempha kuti ndimunyamule ine. Munthu wandipulumutsa, ndingamukanize bwanji? Ndiyamba tsiku lathu ndi dalitso. Udzandinyadira."

Asnaku anaimba. Foni ya Setegn inali kale kumunsi kumene mafoni sagwira. Analemba kuti "USAMUNYAMULE, NDI MLONGO WANGA," koma uthengawo unangozungulira osapita. Anataya gabi pathanthwe pomwepo n'kuyamba kuthamanga.

*

Njira inali matope okhaokha osakanikirana ndi matalala osasungunuka. Anagwa kawiri. Nsapato imodzi inatsalira m'thope ndipo sanabwerere. Kamtsinje kamene masiku onse ankangodumpha kanali katadzaza, madzi ofiira akukokolola nthambi, ndipo mtengo wowolokerapo unali utamira theka. Anawoloka chokwawa, madzi ozizira akumumenya m'nthiti.

"Maria, Mayi wanga, achedwe," ankatero. "Abba achedwe lero lokha. Masiku onse amachedwa."

Anaona mitengo ikuluikulu ya kutchalitchi ikutuluka m'nkhungu. Anaona mpanda wamiyala. Dzanja lake litangogwira chipata, nthungululu za amayi zinaphulika mkati.

Anthu anali atazungulira kanyumba kobatiziramo. Pakati pawo panaima Setegn, atafunda gabi ya Gashaw, milomo itang'ambika ndi chisanu, m'manja mwake muli khanda lonyowa likulira. Abba Tekle anali akumaliza kumanga kachingwe ka ubatizo pakhosi pa mwanayo. Setegn anakweza maso, n'kumuona, nkhope yake yonse n'kuwala.

"Asnakuye! Wadziwa bwanji kuti ndili kuno? Taona, ndapeza mwana!"

Nthungululu zinazima imodziimodzi. Ato Belayneh anayang'ana mwana wawo wamkazi, wamatope mpaka m'tsitsi, n'kuyang'ananso mlendoyo.

"Mwati dzina lanu ndani, mlendo?"

"Setegn, bambo. Setegn Alemneh, wa ku Gondar."

Tiruye anagwira pakamwa. Ato Belayneh anatembenukira kwa Gashaw, amene anaima kumbuyo atapinda manja ngati mwana wa kwaya. Mkuluyo anadzilemba chizindikiro cha mtanda pang'onopang'ono.

"Mulungu ndi wodabwitsa," anatero. "Ine ndine Belayneh. Mwana mwanyamulayo ndi wanga."

Setegn anaseka pang'ono, kuyesa kuti ndi nthabwala za anthu a kumapiri. Anayang'ana Asnaku kuti naye aseke. Asnaku sanaseke.

"Ulibe mlongo wamng'ono iwe," anatero Setegn. "Ukanandiuza."

"Ndinachita manyazi," anayankha Asnaku, mawu osamveka bwino.

"Manyazi?"

Setegn anatembenukira kwa wansembe, khanda likadali m'manja. "Abba, sindinadziwe. Anandiuza kuti ndi mudzi wina. Anandiuza kuti ndi anthu ena. Zimenezi zingathe kumasulidwa, si choncho?"

Abba Tekle anapukusa mutu mwachisoni. "Ndinakufunsa katatu ngati ukumulandira mwanayu ngati wako, ndipo katatu unavomera pamaso pa Mulungu. Ine ndilibe mphamvu yomasula zimenezo, mwana wanga. Nyumba ya Belayneh tsopano ndi nyumba ya abale ako."

Asnaku anapita kwa Gashaw. Akanakhala ndi mwala m'manja, tsiku limenelo kukanakhala maliro.

"Ndinakupempha m'dzina la Maria."

"Ndipo ndakubweretsera wamoyo," anayankha Gashaw motsitsa mawu. "Zala zake zonse zilipo, kawerenge. Unapempha kuti asafe. Sunapemphe china."

"Ndiwe njoka."

"Nzeru si zanga, ndi za Tiruye. Ine ndangobwereka."

Tiruye anafika pambali pa Asnaku akulira, n'kumufunditsa nsalu yake. "Ndinamulandira ndi manja awiri, Asnaku. Ndinamuthokoza. Ukanandionetsa ngakhale chithunzi chake tsiku limodzi, ndikanakuwa asanamugwire mwanayu."

Zinali zoona.

*

Phwando silidikira osweka mtima. Masana nyumba ya Ato Belayneh inadzaza, ndipo Setegn anamukhazika pampando wachikopa pafupi ndi mwini nyumba, pamalo a bambo wa ubatizo. Kuchoka sakanatha. Munthu amene wathawa phwando la mwana wake wa ubatizo amakhala watemberera mwanayo. Asnaku ndi amene anatumidwa kumusambitsa m'manja. Anathira madzi atayang'ana pansi.

"Tithawe," ananong'ona Setegn. "Ku Gondar palibe akudziwa."

"Mulungu wa ku Gondar ndi wina?"

"Ndiye ukuti ndingokusiya?"

"Sindinatero. Sindikudziwa, Setegn. Mutu wanga waima."

Ato Belayneh anakulunga nyama mu injera, nthongo yaikulu, n'kuifikitsa okha pakamwa pa Setegn monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka. Nthongo yotere sikanidwa. Setegn anatsegula pakamwa, n'kutafuna misozi ikutsika, anthu n'kumati ndi tsabola. Kenaka Tiruye anauzidwa kuti amupatse mwana amudalitse, ndipo khandalo linagona tulo pachifuwa pake.

Apa panja panamveka mabelu a nyulu. Gashaw anaimirira n'kupukuta m'manja.

"Ndinaiwala kunena, bambo. Dzulo lomwe lija ndinatuma achimwene anga ndi nyulu zina kumunsi kwa mpata. Ndinati si bwino akuluakulu aphonye tsiku lawo chifukwa cha bondo."

Pakhomo panaima amuna atatu okalamba, zovala zoyera zitathimbirira ndi matope, ndodo m'manja, akupuma mwawefuwefu koma nkhope zili ngwee. Patsogolo panali amalume a Setegn. M'nyumba munali mdima ndi utsi, ndipo pochokera panja sanathe kuona nkhope za anthu. Anavula chipewa n'kuwerama.

"Ato Belayneh, munatipatsa tsiku, ndipo tafika ng'ombe zanu zikadali kubusa. Matalala atimenya, phiri latigwera, koma tafika. Tabwera kudzapempha kuti mwana wanu akhale mwana wathu."

Akuluakulu ofunsira mbeta sakhala pansi ndipo salawa kanthu mpaka atapatsidwa yankho. Mwini nyumba akati akhale, ndiye kuti wavomera. Asnaku anaima ndi mtsuko m'manja.

"Lowani, khalani pansi," anatero Ato Belayneh mokoma mtima. "Idyani, imwani. Ife ndi inu ndife abale kale."

"Atamandike Mulungu!" anafuula amalume aja. Anakhala pansi mwamsanga, n'kugwirana chanza ndi anzawo, n'kuyamba kudalitsa nyumbayo mokweza, kuti ibale ana ndi zidzukulu. Anadabwa kuti palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene analiza nthungululu. Maso awo atazolowera utsi, anayang'ana pampando wachikopa uja, dalitso n'kuthera pakamwa.

"Setegn? Ukutani muno iwe tsiku ngati lino? Nanga mwana wanyamulayo ndi wa yani?"

 Anayankha ndi Ato Belayneh.

"Ndi wake."